Jim Bailey ndi magazini ya Drum, ulemu upite kwa ndani?

Tadala: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse pa gulu pano. Ndili ndi pempho. Kusukulu atipatsa ntchito yoti aliyense asankhe mkonzi kapena mwini magazini mmodzi wa mu Africa muno, tilembe za ntchito yake komanso zomwe anasiya. Anzanga ambiri athamangira a Aleke Banda nde ine ndasankha Jim Bailey wa magazini ya Drum ya ku South Africa. Alipo pano amene anaiwerengapo ili pa pepala? Za pa intaneti ndaziona koma ndikufuna ndimve kwa anthu amene anaigwira ndi manja

Nachisale: Taswera mwana wa achemwali. Aphunzitsi aBanda bwerani kuno, nkhani yanu iyi

Bambo a Shakira: Aaa Drum! Mwandikumbutsa kutali. Ine ndakula nayo imeneyo pa Linga pompano. Malemu mdala wanga anali wa Wenela, ndiye akamabwera kuchoka ku Joni ankabwera ndi sutikesi yachitsulo ija yokhala ndi loko pakati, mmenemo bulangete, nsapato za amayi, sopo, pansi penipeni magazini atawamanga ndi chingwe kuti asapindike. Mdala chizungu sankachidziwa kwenikweni, chawo chinali chi Fanakalo cha ku mgodi, koma ankagula ndithu chifukwa cha zithunzi, ankhonya, oimba, anthu akuda atavala masuti ndi zipewa. Madzulo ankaitana mkulu wanga amene anali sitandade 7 kuti aziwerenga nkumamasulira, anthu a nyumba zoyandikana nkubwera kudzakhala pa mkeka. Zikuto zina amayi anazimata pakhoma ndi phala la kondowole zinakhala pamenepo mpaka chiswe chinazidya

Tadala: Zikomo amalume, izi ndi zomwe ndimafuna. Alipo amene anatsala?

Bambo a Shakira: Alipo angapo kwa alongo anga ku Sani koma mapepala ake anasanduka achikasu, ukawatsegula mosasamala amathetheka

Aphunzitsi aBanda: Ndafika, pepani ndinali ku dimba. Tadala wasankha bwino koma wasankha munthu wovuta kumulemba, ndikuuziretu. Tiyambe ndi chiyambi. Jim Bailey anabadwa 1919 ku London, bambo ake anali Sir Abe Bailey mmodzi mwa anthu amene analemera kwambiri ndi migodi ya ku Joni, mayi ake Lady Mary Bailey anali woyendetsa ndege wotchuka. Iyenso pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali woyendetsa ndege za nkhondo za Angerezi. Magaziniyo sanaiyambitse yekha ayi. Inayamba 1951 ku Cape Town dzina lake The African Drum, amene ankaiyendetsa poyamba anali Bob Crisp katswiri wakale wa masewero a cricket, Bailey anali woika ndalama. Ndiye vuto linali loti Crisp ankaganiza kuti munthu wakuda akufuna kuwerenga za magule a kumudzi, nthano, zamakolo, pomwe amene akanagula magaziniyo anali anthu a mtauni ogwira ntchito mmafakitale, okwera sitima mmamawa, okonda nkhonya, mpira ndi jazz. Sinkayenda malonda, ndalama zinkangolowa mmadzi. Bailey anaitenga yonse, nkuisamutsira ku Johannesburg, nkuitana mnzake wa ku Oxford Anthony Sampson kuti adzakhale mkonzi, mnyamata wa zaka 25 amene anali asanayendetsepo magazini chibadwire. Chimene anachita bwino awiriwa nchoti anapita kukafunsa owerenga eni ake kuti kodi mukufuna chani, nkuwamvera

aPhiri a ku Dwangwa: Aphunzitsi ndikudulani pang'ono. Mwanena nokha kuti bambo ake analemera ndi migodi. Migodi yake iti? Si yomweyo imene makolo athu anapitako athanzi nkubwerako akutsokomola mpaka kumanda? Nde mwana atenge ndalama yomweyo ayambe magazini ife tiziombera mmanja kuti ngwazi? Ine ayi

Bambo a Shakira: Pamenepo aPhiri simukunama, mdala wanga chifuwa chimenecho ndi chomwe chinamutenga

Aphunzitsi aBanda: Ndikumva achimwene ndipo sindikutsutsa, nchifukwa chake ndati ndi wovuta kumulemba. Koma mundilole ndimalize kaye zomwe magaziniyo inachita kenako tiweruze tonse.

Panali mtolankhani dzina lake Henry Nxumalo, anthu anamupatsa dzina loti Mr Drum. Mu 1952 anapita ku Bethal, dera la mafamu a mbatatesi kummawa kwa Transvaal, kukafufuza mmene antchito ankakhalira. Anapeza anthu akuvala masaka obowola pamutu mmalo mwa zovala, kukumba mbatatesi ndi zala, kapitawo ali pambuyo ndi chikoti, usiku kuwatsekera mu kompaundi. Ambiri anawalemba ntchito mowanamiza, kungowagwiritsa cholembera pa kontilakiti imene sanaiwerenge. Tadala apa ulembe bwino chifukwa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife, mwa anthu amene ankagwira mmafamu a ku Bethal munali a Nyasaland ambiri, aja ankapita ku Joni wapansi opanda mapepala, nkugwidwa mnjira ndi olemba anthu ntchito. Mwina ena mwa matchona amene mabanja kuno anawalira osadziwa komwe anathera anathera kumeneko. Nkhani ya Bethal anali ataiululapo kale wansembe Michael Scott ndi mtolankhani Ruth First mu 1947 koma Drum inaifikitsa mmanja mwa anthu wamba, ndi zithunzi zomwe. Pofika 1959 ANC inauza anthu kuti asiye kugula mbatatesi ndipo anasiyadi, zinaolera mmisika

Nachisale: Mayo ine. Agogo anga aamuna a kuchimuna anapita chomwecho wapansi kudzera ku Harare osabweranso, agogo aakazi anamwalira akudikirabe kalata

Tadala: Pepani anti. Aphunzitsi pitirizani ndikulemba

Aphunzitsi aBanda: Mu 1954 Nxumalo yemweyo anachita dala zoyenda usiku opanda pasi, chiphaso chomwe anthu akuda ankayenera kuyenda nacho, kuti apolisi amugwire, cholinga akalowe ndende ya ku Johannesburg ija ankaitcha Number Four aone ndi maso ake. Analowadi, atatuluka analemba zonse, kumenyedwa, uve, chakudya. Munali mchitidwe wina wotchedwa tauza, akaidi akabwera kuntchito ankawavula onse pabwalo nkuwalumphitsa ali maliseche ati kuona ngati abisa kanthu mthupi. Boma likanangokana kuti bodza, koma wojambula wa Drum Bob Gosani anakwera pamwamba pa nyumba ina yoyang'anizana ndi ndendeyo nkujambula. Chithunzi sungachikane. Kenako Nxumalo anakalembedwanso ntchito pa famu ina ku Rustenburg ngati wantchito wamba kuti alembe zomwe zinkachitika kumeneko. Zaka za mma 1950 zisanathe anamupha pomubaya ndi mipeni akufufuza nkhani ina, ndipo palibe amene anamangidwa nkulangidwa pa imfa yake

Gift ku Joni: Moni nonse kumudziko. Number Four yo ndinafikako ine, pano amati Constitution Hill, pali khoti lalikulu loona za malamulo a dziko ndipo mbali ya ndendeyo anaisiya kuti anthu aziona. Bwalo lomwe ankavulira anthulo lilipo, ndi laling'ono kusiyana ndi mmene ungaganizire, makoma aatali, pansi simenti, kumapeto kuli tizipinda ta munthu mmodzi mmodzi zitseko zachitsulo zolembedwalembedwa ndi akaidi. Wotiperekeza atafotokoza za tauza tonse tinangoti zii. Ine ndinaganiza za anyamata athu amene amagwidwa kuno opanda mapepala mpaka lero

aPhiri a ku Dwangwa: Mwaonatu aphunzitsi, nkhani yonse mwafotokozayi dzina lomwe likumveka ndi Nxumalo ndi Gosani. Analowa ndende ndani? Nxumalo. Anabayidwa ndani? Nxumalo. Bailey anamwalira 2000 ali nkhalamba ya zaka 80 pa bedi. Tadala mwanawe ukanalemba za Nxumalo basi

Tadala: Ndinaganizako amalume koma funso likufuna mkonzi kapena wosindikiza osati mtolankhani

Aphunzitsi aBanda: APhiri funso lanu ndi labwino koma taganizani izi. Nxumalo watuluka mndende ali ndi nkhani mmutu, Gosani ali ndi filimu mthumba. Kenako chani? Nthawi imeneyo kunalibe Facebook yoti ungoponya. Pankafunika munthu woti anene kuti isindikizidwe, alipire makina, alipire pepala, alipire galimoto zoigawa dziko lonse, alipire loya ikavuta, akudziwa kuti boma la tsankho likhoza kutseka kampani yake mawa lomwe ndipo azungu anzake otsatsa malonda akhoza kuthawa. Azungu olemera ku South Africa analipo ambiri nthawi imeneyo, ena olemera kuposa iye, ndi angati anaika chuma chawo pa zoterezi? Ntchito ya mwini magazini sioneka pa tsamba, dzina lake limakhala pa timalemba ting'onoting'ono mkati, koma akangoti ayi nkhaniyo yafera mu diloo. Ine ndaonapo nkhani zikufera mu diloo mdziko lathu lino

aPhiri a ku Dwangwa: Nanga malipiro? Zimadziwika kuti ankalipira atolankhani akewo ndalama zochepa

Aphunzitsi aBanda: Zoona zimenezo, anthu ambiri amene anagwira naye anadandaulapo kuti anali woumira pa ndalama. Tadala usabise, ulembe

Nachisale: Inenso ndili ndi yanga. Ndaona zikuto zake pa foni apa Tadala watumiza ku inbox, pafupifupi chilichonse pali mtsikana wokongola, ena zovala zosambira. Nde amayi ntchito yawo inali yongokongoletsa chikuto kuti abambo agule? Olemba mwatchula onse ndi amuna okhaokha

Aphunzitsi aBanda: Mwagwira pomwepo achemwali. Olemba otchuka a zaka zimenezo anali amuna, Can Themba, Todd Matshikiza, Nat Nakasa, Lewis Nkosi, Bloke Modisane, Casey Motsisi, Es'kia Mphahlele. Ndipo magaziniyo inkagulitsidwa ndi atsikana a pachikuto, nkhani za zigawenga, mashabini ndi nkhonya, sitingabise. Anthu ena ophunzira a nthawi yomweyo ankainyoza chifukwa cha zomwezo

Nachisale: Ehee

Mai a Chisomo: Koma anzanga ine ndikuona mbali ina. Ndimagulitsa mpunga pa msika ine ndimadziwa kuti kasitomala umamukoka kaye ndi chomwe maso ake akufuna kenako nkumuonetsa thumba lenileni. Munthu wagula chifukwa cha oimba ngati Dolly Rathebe kapena Miriam Makeba pachikuto, akatsegula mkati akupeza za Bethal, wawerenga basi. Komanso tisaiwale kuti nthawi imeneyo mkazi wakuda pa pepala ankangooneka atasenza mtsuko kapena ali wantchito wa mnyumba ya dona, nde kumuona ali pachikuto watchena ngati mfumukazi kwa atsikana a nthawi imeneyo sichinali chinthu chaching'ono

Nachisale: Ndamva amai a Chisomo koma ndikanakondwa akanampatsanso cholembera osati kamera kumuloza kokha

Mai a Chisomo: Pamenepo tagwirizana

Gift ku Joni: Pa nkhani ya Dolly Rathebe yo, iye ndi wojambula Jürgen Schadeberg apolisi anawagwira akujambulana pa mulu wa mchenga wa ku mgodi, kuwaganizira kuti mzungu ndi wakuda ali pa chibwenzi, poti linali lamulo loletsa. Ndiye ngakhale chithunzi cha pachikutocho chinali ndi mtengo wake

Tadala: Schadeberg yu ndamuona dzina lake pa zithunzi zambiri za Mandela ali wachinyamata

Aphunzitsi aBanda: Eya, anali mnyamata wochokera ku Germany, anafika ku South Africa 1950. Iyeyo ndi amene anaphunzitsa ojambula akuda angapo pa Drum. Peter Magubane analowa pa kampaniyo ngati dalaivala ndi mesenjala, nkumanyamula zikwama za ojambula, mapeto ake anakhala mmodzi mwa ojambula otchuka dziko lonse lapansi, anamwalira chaka cha 2024. Malo oletsedwa kujambula ankabowola buledi nkubisamo kamera, kumaoneka ngati akudya pomwe akujambula. Ichi ndi chimene ine ndimachiwerengera kwambiri pa mbiri ya Bailey kuposa china chilichonse, pa ofesi yake dalaivala ankatha kukhala wojambula, kalaliki ankatha kukhala mlembi, mdziko lomwe lamulo lenilenilo linkati munthu wakuda malire ake ndi fosholo. Tsiku la Sharpeville 21 March 1960 pamene apolisi anapha anthu 69, wojambula amene anali pamalopo anthu akuthawa zipolopolo anali Ian Berry wa Drum, ndipo zithunzizo zinasonyeza dziko lonse zomwe zinachitika

aPhiri a ku Dwangwa: Chabwino. Nanga anthu amenewa anathera kuti? Tanenani aphunzitsi musadumphe

Aphunzitsi aBanda: Sindidumpha. Anathera kowawa ambiri a iwo. Nat Nakasa anapeza mwayi wa maphunziro ku Harvard mu 1964, boma linamukaniza pasipoti nkumupatsa chilolezo chotuluka osabwereranso, anamwalira ku New York 1965 asanakwanitse zaka 30, mafupa ake anabwera nawo kwawo 2014. Can Themba anakafera ku Swaziland zolemba zake zitaletsedwa kwawo, mowa utamumaliza. Matshikiza anamwalira ku Lusaka 1968. Sophiatown komwe ambiri ankakhala ndi kucheza boma linayamba kuigumula 1955 nkuikapo azungu, dzina nkusintha kukhala Triomf. Amene anawabalalitsa ndi boma la tsankho osati Bailey, koma ndi zoona kuti iye khungu lake ndi chuma chake zinamutchinga pomwe anzakewo analibe chowatchinga

aPhiri a ku Dwangwa: Ndipo 1984 anaigulitsa kwa Nasionale Pers, kampani yomwe nyuzi zake zinkaikira kumbuyo chipani cha tsankho chomwecho. Apa nde mundiuza chani

Aphunzitsi aBanda: Apa ndilibe chomuikira kumbuyo, inenso zimandiwawa. Chokhacho chomwe ndinganene nchoti nkhokwe ya zithunzi zakale ndi magazini akale sanaitaye, inasungidwa pa dzina la Bailey's African History Archives, ndipo zithunzi zambiri za mma 1950 zomwe mumaziona mmabuku a mbiri zimachokera mmenemo. Musaiwalenso kuti sanathere ku South Africa kokha, anatsegula Drum ya ku West Africa, Ghana ndi Nigeria, ndi ya ku East Africa, nthawi yomwe maiko ankalandira ufulu, ndiye munthu wa ku Lagos ankatha kuona nkhope ya mtsogoleri wa ku Nairobi. Analinso ndi nyuzipepala ya Golden City Post kuyambira 1955

Gift ku Joni: Drum ya masiku ano musaiyerekeze ndi imeneyo, ndi nkhani za ma celeb, maukwati, zophika. Ya pa pepala anasiya 2020 nthawi ya Covid, inatsala ya pa intaneti. Anyamata ambiri kuno ukawafunsa za Nxumalo sakumudziwa

Admin: Akuluakulu nkhani yakoma koma chonde ma voice note ataliatali ayi, ena bandulo ndi yochepa. Lembani ngati mmene akuchitira aphunzitsimu

Bambo a Shakira: Pepani a admin ndi ine ndinatumiza, zala zatopa. Ndimati ndifunse, kodi kuno kwathu tinakhalapo ndi wotere? Ine ndimakumbuka Moni basi, ndi Boma Lathu imene inkabwera yaulere, ndi Za Achikumbi kwa alangizi

Mai a Chisomo: Moni ndiye tinkalimbirana ku sekondale, tsamba la ofuna anzawo olemberana makalata ndi nkhani zachidule zija. Odini inkabwera ku parishi, a CCAP anali ndi Kuunika yawo ya ku Nkhoma

Aphunzitsi aBanda: Mwaona kuti pafupifupi onse mwatchulawa ndi a mpingo kapena a boma? Si mwangozi. Kuyambira 1968 kunali lamulo la Censorship Board, chilichonse chosindikizidwa chinkadutsa mmaso mwawo, ndipo munthu wamba woti ayambe magazini yofufuza ngati Drum nthawi ya a Kamuzu akanagona ku Mikuyu sabata yomweyo. Mtolankhani Mkwapatira Mhango anamuotchera mnyumba ndi banja lake ku Lusaka mu 1989, kunja kwa dziko kumene. Koma ngati mukufuna chitsanzo cha kuno cha zomwe ndimauza aPhiri zija, kumbukani kalata ya maepiskopi ya pa 8 March 1992. Analemba ndi maepiskopi inde, koma panafunika makina oti aisindikize mwachinsinsi makope ambirimbiri kuti iwerengedwe mmatchalitchi onse tsiku limodzi. Inasindikizidwa kwa a Montfort ku Balaka, ndipo pasanapite nthawi malo osindikizirawo anawayatsa moto. Amene anayatsawo ankadziwa bwino lomwe kuti mphamvu ili pa makina. A Montfort omwewo pambuyo pake anayamba magazini ya The Lamp ndi Together

aPhiri a ku Dwangwa: Chitsanzo ichi ndachilandira, chifukwa awowo moto unawafikadi pakhomo

Tadala: Nanga a Aleke Banda aphunzitsi, mungawafanizire ndi Bailey?

Aphunzitsi aBanda: Amasiyana kwambiri. A Aleke anayamba ali mnyamata wa zaka pafupifupi 20 ngati mkonzi wa Malawi News mu 1959, nyuzi ya chipani pa nthawi yomenyera ufulu, anadzakhala nduna, anadzakhala mndende zaka 12 osazengedwa mlandu, atatuluka nkuyambitsa The Nation mu 1993. Iwowo ndende anailawa okha. Komanso anali wandale, Bailey sanali wa chipani. Wina woti umutchuleko ndi Professor Steve Chimombo wa ku Chancellor College amene ankatulutsa magazini ya za luso ya WASI ku Zomba, ndi mayi Janet Karim amene anayambitsa magazini ya Woman Now ndi nyuzi ya The Independent, Nachisale mumve pamenepo

Nachisale: Ndamva ndipo mtima wakhala pansi pang'ono. Tadala ameneyo umuikemo ndithu

Mphatso wa pa Benga: Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete koma pa Bethal paja pandigwira. Ine ndinakulira pa esiteti ina ya fodya, bambo anali tenanti, dzina la malo sinditchula. Chaka chonse kudya pa ngongole, chimanga chotenga kwa bwana, feteleza, mankhwala mwana akadwala, zonse kulembedwa mu kabuku kamene ife sitinkakaona, fodya akagulitsidwa nkutiuza kuti mwatsala ndi ngongole mukhalenso chaka china. Ine sukulu ndinayamba mochedwa chifukwa chosoka fodya, manja akuda bii ndi utomoni, usiku mutu kuwawa ndi nseru. Palibe mtolankhani anabwerapo kudzagona nafe mu zisakasa zija. Ankabwera a mabungwe pa galimoto ndi mafomu, bwana ali pomwepo, tinganene chani. Ndamva kuti lamulo linathetsa utenanti mu 2021 koma ndani wapita kukaona ngati wathadi? Ndiye mukamakangana kuti ulemu upite kwa Bailey kapena Nxumalo ine ndikuti tikanakhala nawo onse awiri kuno, wina wolowa mchisakasa wina womuuza kuti pita ndikulipira thiransipoti ndipo zikavuta ndili pambuyo pako

Mai a Chisomo: Mphatso mwandiliza

aPhiri a ku Dwangwa: Pepa mphwanga. Apa sinditsutsa kanthu

Bambo a Shakira: Ndi ku nyanja komwe nkhani zilipo. Anyamata a mu zilimira amagwira usiku onse, bwato likagubuduzika ndi mwera mwini zida amayamba wafunsa za injini. Amayi ogula usipa pa doko zomwe amakumana nazo kuti apeze nsomba tonse timazidziwa koma timangonong'onezana

Gift ku Joni: Koma masiku ano aliyense ali ndi foni, si mungojambula nkuponya pa Facebook? Mwini magazini wachani?

Aphunzitsi aBanda: Gift mwana wanga, kuponya ndi kosavuta, koma ukaponya wekha umakhalanso wekha akabwera kudzakufunsa. Ndiponso ndani akuuze kuti apa ulibe umboni bwerera ukafunsenso, apa wamva mbali imodzi, dzina la mayi uyu lichotse angamuchotse ntchito? Imeneyo ndi ntchito ya mkonzi. Za pa Facebook lero zaphulika mawa zaiwalika ndipo theka lake ndi mabodza, nchifukwa chake olakwa saziopa. Nkhani ya tauza inagwedeza boma chifukwa inali ndi tsiku, malo, mboni yoona ndi maso ndi chithunzi, ndipo inatuluka pa dzina la magazini imene anthu ankaikhulupirira. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito 2020, chida chilipo, koma kulemba kalata, kudikira, kubwererako, kukwera minibasi mpaka ku Lilongwe zonsezo ndi ndalama ndi nthawi, mtolankhani wongolipidwa nkhani ikatuluka sangakwanitse. Mapeto ake amangodikira ma workshop a alawansi

Tadala: Izi nde zoona, anzathu amene ali pa attachment amanena zomwezo

Nachisale: Chinanso chilankhulo. Drum inali ya chizungu, bambo a Shakira anena kuti mdala wawo ankachita kumasuliridwa. Nkhani ya Mphatsoyi itatuluka mchizungu amayi ake aiwerenga? Tili ndi Tamvani, Tikambe ndi Fuko inde koma masamba ake ndi ochepa, ndipo kuno nyuzi imafika pa boma pokha, ku Mwansambo kapena kumtunda kwa Bua ndani amaiona

Mphatso wa pa Benga: Amayi amamvera wailesi ya Nkhotakota basi, kuwerenga maso anafooka

Aphunzitsi aBanda: Ndiye mwina Drum ya kuno ikhala ya pa wailesi ndi pa foni, mChichewa, zilibe kanthu. Pepala lakwera mtengo ndipo limachokera kunja, otsatsa malonda akuluakulu ndi ochepa ndipo wamkulu mwa iwo ndi boma lomwelo ukufuna kulifufuza. Chofunika ndi munthu wa ndalama zake amene angalole kuti zina zipite osabwerera. Anthu andalama ku Nkhotakota kuno alipo, a malori, a ma lodge, a mpunga, ena ali pa gulu pompano akungowerenga

Admin: Aphunzitsi musatchule maina chonde

Aphunzitsi aBanda: Sinditchula a admin, akudzidziwa

aPhiri a ku Dwangwa: Ine maganizo anga pa Bailey sanasinthe kwenikweni, ndalama inali ya thukuta la makolo athu ndipo anagulitsa kwa adani. Koma Tadala ukalemba uyambe ndi dzina la Nxumalo pa ndime yoyamba, Bailey abwere pambuyo. Ukatero ndilibe nawe mlandu

Tadala: Ndamva amalume. Ndiyamba ndi Bethal chifukwa ndi pomwe pali anthu a kwathu, kenako Nxumalo, kenako ndifunse kuti ndani analola kuti zituluke ndipo iye anataya chani, anzake anataya chani. Za malipiro ndi za 1984 ndiikamo, za amayi a pachikuto ndiikamo mbali zonse ziwiri. Achimwene a Mphatso mungalole ndikuimbireni tikambe za ku esiteti? Dzina lanu sindiika, ndipo musanavomere ndikuwerengerani kaye zomwe ndalemba

Mphatso wa pa Benga: Imbani madzulo ndikaweruka, cha mma 6. Ndikupatsaninso amayi muyankhule nawo, iwowo ndi amene amakumbuka za kabuku ka ngongole kaja bwinobwino

Gift ku Joni: Ine Loweruka ndili off, ndidutsa pa Constitution Hill ndikajambule bwalo lija ndikutumizire

Aphunzitsi aBanda: Tadala ukamaliza usapereke kaye kwa alekichala, unditumizire ndione zaka ndi maina ngati walemba molondola. Dzina la Schadeberg anthu ambiri amalilakwitsa